Ng'ombe Ilibe Kokasuma

Tikamaliza kukolola kuno ku Chiwamba, ng'ombe timazitayirira. Zimayenda zokha m'minda kudya mapesi, kenako n'kutsetserekera kudambo. M'dzinja tinkazilondola phazi ndi phazi poopa mlandu wa chimanga cha eni kubwalo la amfumu. Tsopano mantha a mlandu atha. Kodi udindo nawonso watha?

Mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Zithaphwi zimasanduka matope, msipu umapsa ndi moto wa osaka mbewa. Ng'ombe yaludzu imalowa m'thope n'kutitimira. Ina imameza majumbo otayidwa m'njira n'kumangowonda. Ina nkhupakupa zadzaza m'makutu. Munthu amene amangowerenga mitu madzulo pakhomo pa khola sangaone zonsezi.

Bahá'u'lláh, m'buku la Kitáb-i-Aqdas, analetsa kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake. 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti nyama imamva ululu monga ife, koma munthu akalakwiridwa amalankhula ndipo amakasuma, pamene nyama ilibe mawu. N'chifukwa chake anati tiichitire chifundo choposa chimene timachitira munthu mnzathu.

Ambirife tinganene kuti sitimenya ng'ombe, ndipo sitidzazitsa ngolo. Koma ng'ombe yofa ndi ludzu sinamenyedwe ndi aliyense, inangosowa woiyendera. Ngati cholengedwa sichingabwere kudzadandaula, chilungamo chimafuna kuti ife tinyamuke kupita kumene chili. Tipite masana, osati madzulo okha. Tione ngati pali madzi ndi mthunzi, ngati zikubzikula, ngati ina yapatuka pa zinzake kapena ikupuma mwawefuwefu. Chikatikayikitsa, tiitane alangizi a ziweto.

Nanga tikapeza yatitimira ndi ya mnzathu, mwina yemwe tinakangana naye chaka chatha itadya dimba lathu? Ululu wake sudziwa za mkanganowo. Tiitane anthu, tiivuule, mwini wake timuuze.

Ana athu akuona. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "kodi ng'ombe zamwa?" sadzavutika kufunsa ngati agogo okhala okha kuseri kwa mudzi adya.

Tikambirane:
1. Kodi kutayirira chiweto kumasiyana bwanji ndi kuchinyalanyaza?
2. M'mudzi mwathu, ndani enanso amene amavutika koma alibe kokasuma?
3. Sabata ino, ndani mwa ife apite kudambo masana, ndipo atenga mwana uti?