Kodi Mwana Ayenera Kulowa Ntchito ya Atate Wake?

Chaka ndi chaka ana akafika mu Sitandade 8 ndimawafunsa ntchito imene afuna kudzagwira akadzakula. Sukulu yathu ili m'mphepete mwa nyanja, ndipo mayankho awo sasintha. Anyamata ambiri amati adzakhala asodzi, atsikana namati adzayanika usipa pathandala ndi kukagulitsa kumsika. Otsalawo amatchula uphunzitsi, unamwino kapena upolisi, pakuti izi ndizo ntchito zina zimene maso awo anaonapo. Anzanga a ku Kasungu amamva za fodya, a ku Thyolo amamva za tiyi. Akale anati make mbuu, mwana mbuu.

Tsiku lina mnyamata wina amene anali kuposa anzake onse pa masamu analeka kubwera kusukulu. Ndinapita padoko, ndipo ndinapeza atate wake akusoka ukonde. Titalonjerana ndinawauza chimene ndinadzera. Iwo anati, "Aphunzitsi, ine ndakalamba, maso anga sapenyanso bwino usiku. Chilimila ichi ndidzasiyira yani? Nanga ana a anzanga amene anatsiriza Fomu 4, si awo angokhala pamudzi pano?"

Sindinathe kuwayankha msanga, popeza mawu awo anali ndi choonadi. Kholo limapatsa mwana chimene lili nacho. Msodzi amadziwa mphepo ya mwera isanafike, amadziwanso pamene usipa umasonkhana mwezi ukakhala kumdima, ndipo nzeru zotere sizipezeka m'buku la sukulu. Ifenso aphunzitsi tili ndi mlandu. Kawirikawiri tauza mwana waulesi kuti, "Ukapanda kulimbika udzakhala msodzi ngati atate ako," ndipo talanga ana opulupudza powapatsa khasu. Potero taphunzitsa ana kunyoza ntchito imene imawadyetsa.

Komabe tiyeni tilingalire mbali inayo. Ntchito ya atate si cholowa chokhazikika. Kale anyamata ambiri a m'midzi anali kukula akudziwa kuti adzapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, monga anachitira atate awo. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, ndipo boma linaimitsa maulendowo. Anayambiranso pambuyo pake, koma mu 1988 anatheratu, ndipo amene anali kuyembekeza njira imeneyi anaipeza yotsekeka. Nayonso nyanja yasintha: chambo chimene agogo athu anali kukoka chochuluka chachepa, pamene asodzi achuluka.

Palinso chinthu china chachikulu koposa. Munthu amene waonetsedwa njira imodzi yokha sitinganene kuti wasankha, wangotsata. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Taonani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mwana wa mlimi, amene analeka sukulu pa nthawi ya njala chifukwa chosowa fizi. Iye anapeza m'laibulale buku loonetsa makina oyendera mphepo, ndipo mu 2002 anapanga ake opatsa magetsi panyumba pa makolo ake. Buku lija linamuonetsa chinthu chimene pamudzi pake panalibe, ndipo phindu lake linayambira pamudzi pomwepo.

Chotero ine ndiyesa kuti udindo wa kholo ndiwo kuphunzitsa mwana ntchito yake yonse osabisa kanthu, koma osamutsekera khomo la sukulu, makamaka popeza kuyambira 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere. Udindo wa mphunzitsi ndiwo kuonetsa mwana ntchito zimene sanazionepo, osanyoza ya kwawo. Mwana akaona zonse nabwerera ku ukonde, ameneyo wasankha yekha, ndipo adzakhala msodzi wodziwa kuwerengera phindu lake, wosaberedwa ndi ogula.

Ndinabwerera padoko kachiwiri ndi kachitatu. Potsiriza tinapangana kuti mnyamatayo azipita kunyanja Loweruka ndi pa tchuthi, ndipo masiku enawo azikhala m'kalasi. Atate wake anavomera monyinyirika, pakuti anayenera kulemba mlovi wina ndi kumamulipira. Mtengo umene iwo analipira sunali wochepa, ndipo ndimaukumbukira m'mawa uliwonse poitana dzina la mwana wawo.