Mafumu a ku Kilwa

Kusanache bwinobwino, tiyeni maganizo athu apite kugombe la Tanzania, pachilumba cha Kilwa Kisiwani.

Mzinda wa pachilumbachi unalemera chifukwa cha golide wochokera kudera la Great Zimbabwe, yemwe ankatsikira padoko la Sofala. Mafumu ake ankasulitsa ndalama zawozawo zamkuwa. Mu 1331 kunafika mlendo wa ku Morocco, Ibn Battuta, ndipo anapeza pampando pali al-Hasan ibn Sulaiman, mfumu yotchuka ndi kuwolowa manja. Ndi iyeyu amene anamangitsa Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya miyala ya m'nyanja, yokhala ndi zipinda zoposa 100 komanso dziwe losambiramo, moyang'anizana ndi nyanja.

Al-Hasan atamwalira, ufumu unapita kwa m'bale wake, Daud. Mtundu unali umodzi, koma mtima unali wina. Ibn Battuta anasimba kuti Daud anali woumira, moti anthu opempha analeka kufika pakhomo pake. Zimenezi zimandikhudza ine, chifukwa amene anamva kuwawa kwa kusinthaku anali osauka, anthu omwe posankha mfumu sanafunsidwe n'komwe.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, nduna zamphamvu zinkalonga ndi kuchotsa mafumu mmene zafunira. Francisco de Almeida wa ku Portugal atafika mu 1505 anapeza banja lachifumu logawanika. Analanda mzindawo, n'kulonga mfumu ya kumtima kwake. Mabwinja a Kilwa alipobe mpaka lero, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1981.