Kodi Mlezi wa Ana Athu Alipidwe ndi Yani?

Munthu woyenda m'mamawa m'midzi ya ku Mitundu, kapena wotsata msewu wochokera ku Nathenje kulinga ku Nkhoma, adzamva mawu a tiana tilikuimba m'kanyumba kaudzu, pena m'tchalitchi, pena patsinde pa mtengo. Imeneyo ndiyo sukulu ya mkombaphala. Ana ake ndi a zaka 3 kufikira 5, ndipo wowayang'anira ndiye mayi wa m'mudzi momwemo, amene timtcha mlezi. Ife aphunzitsi tiwazindikira ana otere tsiku lomwe alowa Sitandade 1, pakuti salira amawo pochoka, ndipo choko sachigwira ngati mpini wa khasu. Za ubwino wa sukuluzi palibe wotsutsa. Chimene tifuna kufunsana lero ndi ichi: kodi katundu wake asenze ndani?

Tiyambe takumbukira kumene zidachokera. Makolo athu analibe nyumba yolereramo ana, popeza mudzi wonse ndiwo unali nyumbayo. Mayi popita kumunda ankasiya mwana kwa agogo ake, kapena kumsana kwa kamtsikana ka m'banjamo; ndipo mwinimbumba ankadziwa mwa ana a alongo ake amene wadya ndi amene wagona ndi njala. M'chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, atsikana aja napita kukaphunzira. Ichi tidakondwera nacho, ndipo tikondwerabe. Koma zaka zomwezo Edzi idatenga makolo ambiri, agogo natsala ndi adzukulu oposa mphamvu zawo. Chotero sukulu za mkombaphala za m'midzi zidachuluka, ndipo m'chaka cha 2003 boma lidaika ndondomeko yake ya kaleredwe ka ana aang'ono. Mwambo wa sukuluzi ndi wakuti mwini wake ndiwo mudzi: mudzi umanga nyumba, usonkha chakudya, usankha alezi, a boma aphunzitsa aleziwo ndi kuwayendera.

Tsono tiwerengere pamodzi, monga tichita pa masamu. Mlezi apereka m'mawa wake wonse, kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu. Mwezi wa Disembala, pamene anzake alikupalira, iye ali pakati pa ana a eni, kupukuta mamina ndi kuletsa ndewu, udzu nukula m'munda mwake. Pokolola nkhokwe yake siidzala monga ya mnansi wake amene adamsiyira mwana. Alezi ambiri salandira malipiro. Taonani tsono amene alipira sukuluyo! Ife tiyesa kuti sukulu ndi yaulere, koma mtengo wake ulipo, ndipo aupereka ndi mayi mmodzi wosauka, kuchotsa pa nsima ya ana ake. Mbusa wa ng'ombe tipangana naye malipiro asanatsegule khola, waganyu timwerengera mizere yake madzulo. Koma woweta ana athu timpatsa zikomo, ndipo nthawi zina ngakhale zikomoyo tiiwala.

Kapena wina adzati, Ntchito imeneyi ndi yachifundo, mukaikapo ndalama chikondi chidzathawa. Mawu awa amveka okoma, makamaka pakamwa pa munthu amene sagwira ntchitoyo. Ife tilandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo sitinaone kuti atichotsera chikondi cha pa ana. Chimene tiona kawirikawiri ndi ichi, kuti mlezi wophunzitsidwa bwino atopa, nasiya, napita kukagulitsa tomato pamsika wa Mitundu. M'malo mwake mulowa wina wosaphunzitsidwa, ndipo zonse ziyambanso pachiyambi. Sitingamdzudzule. Chifundo ndi chimene munthu apereka mwa kufuna kwake. Koma chimene mudzi uyembekeza kwa iye tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, chasanduka ngongole ya mudziwo.

Winanso adzati, Tidikire mabungwe. Kupempha thandizo sikuchititsa manyazi, ndipo njira yake ilipo: komiti ya sukulu ipita kwa anyakwawa, nkhani nifika ku komiti yachitukuko ya kwa agulupu, imene ambiri aitcha VDC, nikwera ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kufikira ku khonsolo ya boma la Lilongwe, kumene kuli a zosamalira anthu. Ayende njirayo ndithu, atanyamula buku la mayina a ana, pakuti wothandiza afuna kuona chiwerengero. Komatu tidziwe kuti wothandiza wakunja abwera ndi gawo lake lokha. Bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba kudyetsa ana muno m'Malawi m'chaka cha 2002, libweretsa ufa. Koma madzi atunga ndi eni mudzi, moto asonkha ndi eni mudzi, ndipo ophika ndi amayi odzipereka. Ufa ukafika, funso lathu lija likhalapobe.

Ndiponso chakudya chimene tipempha kutali chimera pakhomo pathu. Likuni Phala, amene dzina lake lichokera ku Likuni konkuno, ndiye chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo zonse ziwiri zibereka bwino m'minda ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, pamodzi ndi mtedza. Cholakwa chathu chili pa nyengo. Tikumbukira kusonkha mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, mphika wa sukulu utauma, pamene m'nyumba zathunso mulibe kanthu. Phala likatha ana aleka kubwera, mayi apita kuganyu, ndipo mtsikana wa Sitandade 5 ajomba kuti abereke mng'ono wake. Mpando wake wopanda munthu tiuona ife m'kalasi. Dengu likadayenda mwezi wa Meyi ndi Juni, chimanga chilikulowa m'nkhokwe, banja lililonse likadapereka osamva kuwawa, ndipo gawo la mlezi likadayezedwa poyamba, la phala pambuyo. Amfumu ali ndi mphamvu yopatula munda wa sukulu. A banki mkhonde, amene asunga kale kathumba ka maliro ndi matenda, angathe pogawana masheya kukumbukira mayi amene adawasungira ana iwo ali pamsonkhano.

Chotivuta koposa ndi mwana wa m'nyumba imene ilibe chosonkha. Alipo mabanja amene boma liwapatsa Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, chifukwa ndi osaukitsitsa ndipo alibe wamphamvu wogwira ntchito. Aliponso ambiri osauka chimodzimodzi amene mayina awo sadalembedwe. Kodi mwana wa nyumba yotere abwezedwe pakhomo pa sukulu, kuti mlezi apeze chake? Iyayi, pakuti phalalo lidaphikidwira iyeyo koposa onse. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu uli ndi mtengo wake: mwini ngolo ndi ng'ombe apereke ndowa ziwiri pamene mnzake apereka imodzi, wopanda chimanga abwere ndi mtolo wa nkhuni, ndipo gogo wopanda chimanga ndi mphamvu yomwe atumize mdzukulu wake ndi kapu yake chabe. Tivomera kuti eni ngolo ena adzang'ung'udza, ndipo chifukwa cha ichi mulingo wa banja lililonse uyenera kunenedwa pabwalo, amfumu alipo, chimanga chisanagulitsidwe kwa mavenda.