Kumene Kulibe Ankhoswe

M'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe mwamuna ndi mkazi sakhala okha. Mwamuna akamanga nyumba kuchikamwini, apongozi ndi alamu ali pafupi, ndipo mawu okuwa usiku amveka mudzi wonse. Pakabuka mkangano, ankhoswe aitanidwa, nakhala pansi kukonza mlandu. Chifukwa cha ichi mabanja ambiri aoneka a mtendere. Koma pali funso loyenera kuliganizira bwino: kodi mtendere umenewo uchokera mumtima, kapena uchokera m'kuopa maso a anthu?

Funso ili liyankhika poganizira za mwamuna ndi mkazi amene anyamuka pa galimoto, awiriwiri, kupita ku mapiri a Nyika. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 800. Kuchokera pa Lirangwe aoloka Shire pa Zalewa, nadzera ku Ntcheu, Dedza, Lilongwe ndi Kasungu. Kufikira pamenepo akumva chilankhulo chawo, ndipo mwina akumana ndi munthu wowadziwa. Koma akapitirira pa Jenda, anthu ayamba kuwapatsa moni m'Chitumbuka. Pa Chikangawa msewu ukwera mapiri a Viphya, ndipo midzi italikirana. Akapita Mzuzu ndi Rumphi, msewu uipa, ndipo pa chipata cha Thazima alowa m'dziko lopanda midzi.

Boma linapatula Nyika kuti ikhale malo osungirako nyama m'chaka cha 1965. M'chaka cha 1978 malowo anakuzidwa, ndipo anthu amene anali kukhala m'menemo anasamutsidwa. Tsono woyenda kumka ku Chelinda aona udzu ndi zitunda zokhazokha, ndi mbidzi ndi ntchefu zilikudya patali. Phiri la Nganda lipitirira mamita 2,600, ndipo m'miyezi ya June ndi July udzu ucha utayera ndi chisanu. Kumeneko kulibe mpongozi, kulibe mfumu, kulibe nkhoswe.

Pamalo otere galimoto ikatitimira m'matope dzuwa lili kulowa, mtima wa munthu uonekera poyera. Mwamuna wina ayamba kukalipa, nati, "Ulendo uno munaufuna ndinu." Mkazi nayenso atulutsa milandu yakale imene ankhoswe anaithetsa kale. Munthu wotere anali wofatsa kumudzi chifukwa cha manyazi okha, ndipo manyaziwo anatsala pa Zalewa. Koma mwamuna wina atsika, nati, "Amake mwana, gwirani chiwongolero, ine ndikankhe." Mkazi amugawira chakudya chotsala, ndipo bulangeti limodzi afunda awiri. Palibe wowaona, palibe amene adzawayamikira. Ulemu umene achitirana pamenepo ndi wawo weniweni.

Chipululu sichisintha munthu. Chingochotsa mpanda umene unali kumubisa. Khalidwe limene likhalapo pokhapokha anthu alikuyang'ana lili ngati malaya obwereka, amene mwini awatenga chikondwerero chikatha.

Wina anganene kuti ngati zili tero, ankhoswe alibe ntchito, pakuti akuluakulu anati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Koma kutero n'kulakwa. Kapasule alowa m'banja kudzagawa, pamene nkhoswe ilowa kudzalumikiza. Mnyamata amene wangokwatira sadziwa kugwira mtima; ayamba kuugwira chifukwa choopa malume a mkazi wake. Akachita chotero chaka ndi chaka, kudziletsa kuja kumera mizu, ndipo tsiku lina apeza kuti salinso kuopa munthu, koma alikulemekeza mkazi wake. Manyazi ndiwo poyambira pabwino. Choipa n'kukalamba munthu ali poyambira pomwepo.

Akale anatinso kuyenda awiri si mantha. Mawuwa atanthauza kuti mnzako wa paulendo ndiye thandizo lako pa tsoka. Koma awiriwo akakhala osakhulupirirana, kuyenda kwawo sikupindula kanthu, pakuti aliyense asenza mantha ake yekha, nawonjezapo kuopa mnzake.

Anthu ambiri a ku Chileka ndi ku Lirangwe sadzafika ku Nyika, ndipo sikofunika kuti afikeko kuti adziyese. Nyumba iliyonse ili ndi nthawi yake yopanda mboni. Chitseko chikatsekedwa ndi ana atagona, mwamuna ayankha bwanji mkazi wake? Akagulitsa nandolo pa msika wa Lunzu iye yekha, atchula ndalama zingati pofika kunyumba? Mkazi akadwala usiku, adzuka ndani kukasonkha moto? Mayankho a mafunso awa safika kubwalo la mfumu, ndipo ankhoswe sawamva. Koma ukwati ulimba kapena kugwa chifukwa cha zimenezi.