UTSI WA PA MOTO NDI SWAUMU YANU

Abale ndi alongo a pa Mulanje Boma ndi midzi yozungulira.

Mwezi ukaoneka, amayi amabwera ndi funso ili: "Shehe, pophika futari utsi umandilowa kukhosi. Kodi swaumu yanga yaonongeka?" Iyayi, mayi. Utsi wolowa wokha, inu osafuna, suononga swaumu. Woononga ndi uja munthu amachita kuukoka dala, monga wa fodya. Mangani ndi mtima wokhazikika.

Komatu tisalekeze pomwepo. Swaumu yatsala yabwino, nanga chifuwa chanu? Mu utsi wa nkhuni ndi makala muli tifumbi tosaoneka ndi maso, tochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphuno siititchinga. Timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi, ndipo m'menemo ndimo muchokera chibayo cha ana, chifuwa chosatha, matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo mwa iwo oposa 237,000 anali ana osafika zaka zisanu. Maliro amenewa achulukira m'maiko osauka a mu Africa ndi Asia, kumene mphika ukadali pa mafuwa monga kwathu kuno.

Taganizani za Ramadhani ya zaka zino, imene ikugwa m'nyengo ya mvula. Mvula ya pansi pa phiri lino mukuidziwa. Nkhuni zanyowa, sizikuyaka, zikungofuka. Mayi wadzuka usiku kukonza daku, watseka chitseko, wagwada n'kumauzira moto, mwana ali kumsana. Madzulo abwereza pa futari. Masiku 29 kapena 30! Ena mpaka akoleza mbaula ndi majumbo. Chonde, zimenezo lekani lero lomwe.

Tsono mawu anga akulu ali kwa inu abambo. Thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo la mkazi wanu ndi la mwana wanu mudzafunsidwa nalo. Inu mumakhala pa mkeka kudikira adhana, maso osawawa. Kodi munalowamo m'khitchini muja kuona mwaye uli kudenga? Mwaye womwewo uli m'chifuwa mwa amene akukuphikirani. Boolani zenera. Mangani kachisakasa panja poti mphepo izidutsa. Sanjani nkhuni pouma zisanafunike. Chitetezo mbaula ichepetsa nkhuni, gulani ngati mungathe, koma musayese kuti mwamaliza: kafukufuku wa ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono pazokha sizinachepetse chibayo mwa ana. Mwanayo mutengeni inu, akhale nanu pabwalo kufikira mphika utaphulidwa.

Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti mufuturu kaye. Thamangani naye ku chipatala cha pa Boma. Ndipo inu a chifuwa chosatha amene adokotala akuletsani kumanga, bwerani ku mzikiti tidzakufotokozereni za kubweza masiku kapena kupereka fidiya.

Allah alandire swaumu yanu. Amin.