Wogula Akapusitsidwa, Mlandu Ngwa Yani?

Pa Zalewa, pamene msewu wochokera ku Mwanza umakumana ndi wa M1 pafupi ndi mlatho wa Shire, katundu wa m'mayiko ambiri amadutsa usana ndi usiku. Mabasi ochokera ku Joni, amene adzera ku Zimbabwe ndi ku Tete n'kulowa pachipata cha Mwanza, njira yawo ndi yomweyi. Katundu wina amatsikira pompano n'kukwera njinga zamoto kulowera ku Lisungwi, ku Ligowe, ku Neno boma mpaka kumapiri a kwa Dambe: mabatire, mafoni, mafuta odzola, mankhwala a mutu, mbewu ya chimanga. Wogula akanyamula chinthu amachitembenuza uku ndi uku n'kufunsa, "Kodi n'cha orijino, achimwene?" Wogulitsa amavomera. Nthawi zambiri wogulayo alibe njira ina yodziwira zoona koma mawu omwewo.

Katundu amene wadzutsa funso limeneli m'mayiko ambiri masiku ano ndi vape, kachipangizo kokwana m'dzanja kamene munthu amakokera nthunzi ya nikotini m'malo mwa utsi wa ndudu. Anakatulukira ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003, chaka chomwe Neno inapatuka ku Mwanza n'kukhala boma palokha. M'kati mwake muli batire, kawaya kotenthetsa ndi thonje lonyowa ndi madzi a nikotini osakaniza ndi zonunkhiritsa. Mtundu wosuta n'kutaya ukatha ndiwo wakopa achinyamata kwambiri. Mavape ambiri amapangidwa mumzinda wa Shenzhen ku China, ndipo mayina monga Elf Bar ndi Geek Bar atangotchuka, akathyali anayamba kukopera makatoni ake n'kuikamo zawozawo. Ku Neno vape sinafale ngati ndudu kapena chingambwe. Imaoneka m'manja mwa anyamata a m'tauni ndi obwera ku Joni. Koma nkhani yake ikuunikira bwino vuto limene mlimi wa kwa Mlauli amalidziwa kale.

Odziwa amalangiza kuti munthu ayang'anitsitse katoni asanatulutse ndalama. Zilembo zofufutika, mawu olembedwa molakwika, pulasitiki yomata mokhotakhota ndi madzi otayikira m'kati ndi zizindikiro zoipa. Mtengo wotsika mopitirira nawo umanena zambiri. Makampani akuluakulu amaika kachizindikiro kokala, pansi pake pali nambala yoti wogula akailowetse pa intaneti kuti aone ngati kampaniyo ikuidziwa. Ku Britain lamulo limati vape isapitirire mamililita 2 a madziwo ndi mamiligalamu 20 a nikotini pa mililita imodzi, choncho yodzitama kuti munthu adzaikoka maulendo zikwizikwi inkakayikitsa pomwepo. Kuopsa kwake si nthabwala. Mu 2019 ku America kunabuka matenda a m'mapapo pakati pa osuta vape, ndipo pofika February 2020 anthu oposa 2,800 anali atagonekedwa m'chipatala, 68 atamwalira. Ofufuza anapeza kuti ambiri ankasuta madzi a chamba ogula m'njira zachinsinsi, amene ogulitsa anawachulukitsa ndi mafuta otchedwa vitamin E acetate.

Malangizo onsewa ndi abwino, koma akusenzetsa wogula katundu wolemera. Akufuna munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi, wokhala ndi foni yamakono, bandulo ndi netiweki. Ngakhale ali nazo zonsezi, akathyali ena amakopera ndi kachizindikiro komwe, n'kutsegula tsamba lawo la pa intaneti limene limavomereza nambala iliyonse. Nanga gogo wa ku Nsambe amene watsika phiri kudzagula mbewu?

Pa mbewu ndiye pali misozi. Wachinyengo amatenga chimanga cha m'nkhokwe, n'kuchipaka utoto wofiira kapena wobiriwira, n'kuchilongedza m'mapaketi ofanana ndi a kampani yodziwika. Mlimi amadzala, kupalira, kuthira feteleza, ndipo amazindikira mu February kapena March, chimanga chikubereka mosaoneka bwino, nyengo yobwereza itapita kale. Feteleza wosakaniza ndi mchenga apolisi akhala akumugwira m'maboma osiyanasiyana. Mankhwala nawo ali m'gulu lomweli: mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, mankhwala amodzi mwa 10 alionse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu munthu amaung'amba n'kuona asanadye. Mbewu ndi mapiritsi sizing'ambika choncho. Zimaulula zoona zitalowa kale m'nthaka kapena m'thupi la mwana.

Ndiye funso lenileni ndi ili: munthu akagula feki, wolakwa ndani? Pamsika yankho limabwera msanga. Amati wagona yekha, akanachenjera, zotchipa zimadula. Anzake amamuseka, iye amachita manyazi, ndipo chifukwa cha manyaziwo sakadandaula kulikonse. Malamulo akale a zamalonda ku Ulaya analinso ndi mfundo yoti wogula adziyang'anire yekha. Maganizo amenewa ali ndi kachoonadi kake, pakuti munthu wamkulu ayenera kusamala ndalama yake. Koma akakhala ndiwo okha, amasandutsa kuchenjera kukhala chilungamo, ndipo wobedwa amaweruzidwa m'malo mwa wakuba.

Nkhani ya Isake m'buku la Genesis ndi yothandiza pano, chifukwa ndi nkhani ya munthu amene anayesa zonse zimene wogula angayese. Anali wokalamba, maso atachita khungu. Mwana wake Yakobo atabwera ndi chakudya akudzitcha mkulu wake Esau, Isake sanangovomera. Anafunsa kuti ndani. Anadabwa kuti nyama yapezeka msanga bwanji. Anamuitana pafupi n'kumukhudza manja, n'kupeza ubweya umene Rabeka, mayi wa Yakobo, anakonza ndi zikopa za mbuzi. Khutu linamuuza kuti mawuwo ndi a Yakobo, choncho anafunsanso kachiwiri. Analawa chakudya, ananunkhiza zovala. Zonse zinali zitakonzedwa kuti zipambane mayeso omwewo, monga momwe wokopera katoni amadziwiratu malo amene wogula adzayang'ane. Bukulo silimutcha Isake wopusa. Amene anasenza zotsatira ndi Yakobo: anathawa kwawo zaka 20, malume ake Labani anamupatsa Leya usiku m'malo mwa Rakele, ndipo atakalamba ana ake omwe anamubweretsera mkanjo wa Yosefe atauviika m'magazi a mbuzi. Wowerenga aliyense amaona kumene mlandu wagwera.

Chilamulo cha Mose chimaletsa kuika chokhumudwitsa panjira ya wakhungu, ndipo m'chaputala chomwecho cha Levitiko muli lamulo la masikelo ndi miyezo yolungama. Zinthu ziwirizi n'zapachibale. Pamaso pa katundu wotsekedwa m'paketi, wogula aliyense ndi wakhungu, ngakhale wophunzira. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda amene ankachepetsa muyezo, kukweza mtengo, kunyengerera sikelo ndi kugulitsa zinyalala za tirigu pamodzi ndi tirigu weniweni, ndipo sanawerenge zimenezi ngati nkhani ya pamsika chabe koma ngati kupondereza osauka pamaso pa Mulungu. Alimi a tirigu a kumapiri a Neno ndi Tsangano safunika womasulira kuti amve zimenezi.

Asilamu ali ndi chiphunzitso chofanana. Sura 83 ya Qur'an imayamba ndi chenjezo kwa ochepetsa muyezo. Palinso mbiri yoti Mtumiki Muhammad anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, napisa dzanja m'kati, napeza kuti pansi n'ponyowa. Mwini wake anati inali mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chimene sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anakana kuti munthu wachinyengo akhale wa gulu lake. Wogulitsayo sananame ndi pakamwa. Anangosanja katundu mochenjera n'kukhala chete, ndipo chimenecho chinakwanira kukhala tchimo. Thomas Aquinas, mphunzitsi wa Chikatolika wa m'zaka za m'ma 1200, anafika pamfundo yoyandikana nayo: chilema cha katundu chikakhala chobisika ndipo chingathe kuvulaza kapena kuluzitsa wogula, wogulitsa ayenera kuchiulula.

Apa m'pamene venda wa pa Zalewa kapena mwini okala wa ku Ligowe amadzitchinjiriza, ndipo mawu ake ndi oyenera kuwamva. "Nanenso ndinangopikula ku Limbe. Ine ndilibe fakitale." N'zoona, ndipo amene sankadziwadi sangaikidwe m'gulu limodzi ndi wopaka utoto chimanga. Koma kusadziwa kuli mitundu iwiri. Pali kwa munthu amene anapusitsidwa, ndi kwa munthu amene anaona mtengo wopikulira uli theka la wa nthawi zonse n'kusankha kusafunsa. Wachiwiriyu amadziwa mumtima. Makasitomala atatu akabweza mabatire ofa tsiku lomwelo, wachinayi amene akugulitsidwa otsalawo akuberedwa mwadala. Umphawi wa wogulitsa umachititsa chifundo, koma sufafaniza zimene wachita kwa mnzake wosauka kumuposa.

Chilungamo chikufunanso kunena kuti wopusitsidwa lero amatha kupusitsa mnzake mawa. Mlimi amene amalira ndi sikelo yonyenga ya ogula nandolo ndi yemwenso nthawi zina amasanja kachewere wamkulu pamwamba pa ndowa, timing'ono tili pansi. Kumsika wa fodya ku Limbe mabelo akhala akubwezedwa chifukwa chobisa masamba oipa pakati pa abwino. Aliyense amati akungobweza zimene anamuchita. Mathero ake anawalongosola katswiri wa zachuma George Akerlof mu 1970, pofufuza msika wa magalimoto akale: ogula akalephera kusiyanitsa chabwino ndi choipa, amakana kulipira mtengo wa chabwino, ndipo wogulitsa wokhulupirika amaluza mpaka kutseka. Amene amatsala pamsika ndi achinyengo okhaokha.

Chimene chimaonongeka kwambiri ndi kukhulupirirana, ndipo ku Neno chimenechi chinamangidwa ndi thukuta. Kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali, pa chipatala cha Neno, cha Lisungwi ndi zipatala zing'onozing'ono, ndipo azaumoyo a m'midzi amayenda khomo ndi khomo kulimbikitsa anthu kumwa mankhwala mwandondomeko. Mayi amene wagula mapiritsi opanda mphamvu pa okala, mwana osachira, saganiza kuti paketi ija inali yabodza. Amaganiza kuti mankhwala achizungu alephera, ndipo ulendo wotsatira achedwa kupita kuchipatala.

Amene amaseka mlimi wogula mbewu yabodza akumbukire 2022, pamene ndalama za boma zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza wotsika mtengo wa AIP zinalipiridwa ku kampani ya ku Britain imene inapezeka kuti imachita malonda a nyama. Nduna ya zamalimidwe inachotsedwa pa udindo chaka chomwecho. Ngati maofesi okhala ndi maloya ndi akatswiri owerengera ndalama angalowe m'msampha wotere, n'kupanda chilungamo kuuza gogo kuti akanayang'anitsitsa. N'chifukwa chake dziko lili ndi mabungwe oyang'ana m'malo mwa anthu: Malawi Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo imayesanso masikelo, PMRA yoona za mankhwala, ndi Competition and Fair Trading Commission yolandira madandaulo a ogula. Njira zofikira wosauka ziliponso. Bright Simons wa ku Ghana anayambitsa mPedigree mu 2007, njira yokala paketi n'kutumiza nambala pa uthenga wa foni wamba, yosafuna intaneti.

Vape ili ndi funso lina limene mbewu ndi feteleza zilibe. Mbewu yeniyeni imadyetsa banja. Vape yeniyeni, yodutsa mayeso onse, imaperekabe nikotini amene amamanga munthu kuti asathe kusiya, ndipo amasokoneza ubongo wa wachinyamata umene ukukulabe. Boma la Britain linaletsa mavape onse osuta n'kutaya kuyambira pa 1 June 2025, enieni ndi abodza omwe, chifukwa cha ana ndiponso zinyalala za mabatire. A Seventh-day Adventist, amene ali pa Matandani ku Neno kuyambira 1908, akhala akuphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu ndipo fodya alibe malo m'menemo. Kwa iwo kusankha pakati pa vape yabodza ndi yeniyeni n'kusankha pakati pa zoipa ziwiri. Munthu atha kutsutsana nawo pa za wamkulu amene akuyesa kusiya ndudu, koma pa mwana wa sukulu akunena zoona, ndipo wogulitsa amene wapatsa mwana wa fomu 2 vape ya orijino sanayere m'manja chifukwa katoni yake ndi yeniyeni. Malawi, ngakhale imadalira fodya pa ndalama zakunja, inavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023.

Wogula ayang'anebe paketi, akale kachizindikiro pamene kalipo, afunse lisiti, ndipo akapusitsidwa asabise chifukwa cha manyazi, pakuti mlandu si wake. Abusa, ansembe ndi mashehe a ku Neno, amene amalalikira kwa ogula ndi ogulitsa atakhala pa benchi imodzi, alankhule za sikelo ndi za paketi momveka ngati mmene amalankhulira za machimo ena. Mwini okala amene akukayika katundu wake amuchotse pa shelefu. Ndipo oyang'anira mbewu, feteleza ndi mankhwala afike ku Ligowe, ku Chifunga ndi kwa Dambe mu October ndi November, pamene alimi akugula, mvula isanagwe.