Mwazi wa Amtengatenga ndi Maso a Oonerera

Pa boma la Chitipa, kuseri kwa msika, pali kanyumba ka malata kamene mazenera ake anatsekedwa ndi ziguduli kuti dzuwa lisalowe, ndipo m'menemo anyamata ndi ana a sukulu, atalipira kangachepe pakhomo, amakhala mothithikana pa mabenchi kuonera kanema kuyambira masana kufikira usiku. Loweruka lina ndinalowamo kukafuna mphwanga amene mayi ake anamusowa kumunda, ndipo ndinapeza akuonetsa kanema wa nkhondo. Maso anga asanazolowere mdima, bomba linaphulika, asilikali oposa khumi anaulukira m'mwamba ngati mankhusu a pa lichero, ndipo nyumba yonse inaomba m'manja, wina akuimba mluzu, wina akufuula kuti abwezerenso pomwepo. Chimene chandisowetsa mtendere kuyambira tsiku limenelo n'chakuti inenso, munthu wa imvi, amene ndakhala ndikuyenda m'bwalo la tchalitchi kuyambira ubwana wanga, ndinaima chilili pakhomopo kufikira nkhondoyo itatha, mtima ukugunda mokondwa, nditaiwala ndi chimene ndinadzera.

Funso limene ndinatuluka nalo ndi ili: kodi n'koyenera kuti munthu woopa Mulungu akondwere poona imfa ya munthu mnzake, ngakhale imfayo ikhale yongoyerekeza? Mkulu wina wa mpingo wathu, nditamufotokozera, anadula mlandu msanga nati akanema onse a nkhondo ndi msampha wa woipayo, ndipo Mkhristu asapondeko. Mphwanga uja, tikubwerera kumudzi, anandiyankha mwaulemu kuti, "Amalume, pepani, palibe amene wafa pamenepaja, onse aja akatha kujambula amadzuka, nasamba, nakalandira malipiro awo." Mayankho awiriwa ndawasinkhasinkha nthawi yaitali, ndipo palibe limene landikhutiritsa. Mkulu wa mpingo anaiwala kuti Buku Lopatulika lenilenilo, kuyambira pa malinga a Yeriko kufikira pa phiri la Giliboa pamene Sauli anagwera lupanga lake, ladzaza ndi nkhondo zimene timawerengera ana m'Sande sukulu. Mphwanga naye anaiwala kuti ngakhale wosewerayo adzuke, mtima wa woonerayo waphunzira kanthu kamene kadzakhalabe momwemo nyali zitayatsidwa.

Nkhawa imeneyi ndi yakalekale. Agusitino woyera, mwana wa ku Africa kuno, wobadwira ku Thagaste m'chaka cha 354, anasimba za bwenzi lake Alipiyo, mnyamata wodziletsa, amene anzake anamukokera ku bwalo la ku Roma kumene anthu ankaphana pofuna kusangalatsa khamu. Alipiyo anatsinzina, atatsimikiza mtima kuti thupi lokha ndilo likhale pamenepo; koma khamu litafuula, anatsegula maso, naona mwazi, ndipo kuyambira pomwepo analedzera nawo kotero kuti pambuyo pake ndiye ankakoka ena. Agusitino ankadziwa kuti maso ndi khomo, ndipo cholowa pakhomo sichituluka chifukwa chakuti mwini nyumba wanena kuti ndi mlendo wongodutsa.

Komabe ndikadanama ndikanati akanema onse a nkhondo amaledzeretsa motero. Mphwanga yemweyo, pofuna kundigonjetsa, anabwereka kompyuta kwa mphunzitsi wake nandionetsa sewero la Hornblower, limene Angerezi anajambula pakati pa 1998 ndi 2003 kuchokera m'mabuku a C. S. Forester, lonena za mnyamata wolowa usilikali wa pamadzi m'masiku amene Britain inkalimbana ndi France ndi zombo za matanga. Ndinalikonda, ndipo sindichita nazo manyazi, pakuti m'menemo muli mnyamata wamantha amene amachita choyenera mantha ali pomwepo, ndi mkulu wa chombo, Pellew, amene amadzudzula mwaukali ngati bambo wofunira mwana zabwino. Pambuyo pake tinaonera Master and Commander, kanema wa 2003 wa Peter Weir, ndipo kumeneko ndinaona chinthu chimene sindinachione m'kanyumba ka kumsika kaja. Kamnyamata kosatha msinkhu kadulidwa mkono ndi sing'anga wa m'chombo, ndipo woonera sangathe kuomba m'manja. Nkhondo itatha, mitembo isokeredwa m'nsalu, anthu onse aima chilili atavula zipewa, ndipo mkulu wa chombo atchula akufawo mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake, asanawaponye m'nyanja. Pamenepo ndinazindikira kuti chosiyanitsa akanemawa ndi mayina. Kumene wakufa ali ndi dzina, woonera amalira. Kumene alibe, woonera amaimba mluzu.

Nkhani ya zombo za nkhondo ingaoneke ngati yakutali kwa ife a kumapiri, amene ambiri sitinakwerepo ngakhale bwato, koma inafika pakhomo pathu. Pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, nkhondo yaikulu yoyamba itangobuka ku Ulaya, Kaputeni Rhoades anayendetsa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen kuoloka nyanja yathu kupita ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania, napeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe, naiombera. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo, Berndt, amene anali bwenzi lake la Rhoades ndipo ankamwera limodzi, anali asanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo, ndipo anapalasa kabwato kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Nkhani imeneyi Azungu amaisimba moseka kufikira lero, ndipo nyuzipepala za ku London zinailengeza monga chipambano cha pamadzi. Koma chotsatira chake chinalibe phwete, chifukwa nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi, sitima zinayamba kutsanulira asilikali ndi katundu ku Karonga, kumene pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunachitika nkhondo yoopsa, imene manda ake alipobe.

Forester yemweyo amene analemba za Hornblower analembanso buku lotchedwa The African Queen m'chaka cha 1935, ndipo mu 1951 John Huston analisandutsa kanema wotchuka, m'mene Humphrey Bogart ndi Katharine Hepburn amatsika mtsinje m'kaboti kokalamba kukamiza sitima ya nkhondo ya Ajeremani pa nyanja ina ya kuno kwathu. Ambiri amati maganizo a nkhaniyi anachokera ku zimene zinachitikadi pa nyanja ya Tanganyika mu 1915 ndi 1916, pamene maboti awiri, Mimi ndi Toutou, anakokedwa kudutsa m'nkhalango za Congo kukalimbana ndi sitima za Ajeremani. Kanemayo ngwokoma, ndipo osewera ake ngaluso. Koma ndikupempha woonera ayang'anitsitse chiyambi chake. Asilikali afika pamudzi, atentha nyumba, nakusa anthu akuda onse kupita nawo ku nkhondo. Ndipo kuchokera pamenepo kufikira kumapeto, kanemayo sabwereranso kwa anthu amenewo kuti atiuze kumene anakathera. Mudzi wathunthu unapsa kuti nkhani ya chikondi cha Azungu awiri ipeze poyambira.

Anthu okusidwawo ndi makolo athu. Chitipa pa nthawiyo ankatchedwa Fort Hill, linga la m'malire a dziko la Ajeremani, pa msewu wa Stevenson umene unayamba kulambulidwa mu 1881 kuchokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika. M'mwezi wa Meyi 1916, pamene Jenerale Northey wa Angerezi anayamba kulowa m'dziko la Ajeremani, magulu ake anadzukira ku Karonga, ku Fort Hill kuno, ku Fife ndi ku Abercorn. Ndipo popeza kunalibe misewu yoti galimoto n'kudalirika m'nyengo ya mvula, chimanga, mpunga, zipolopolo, mahema ndi mankhwala, zonse zinayenda pa mitu ya anthu. Amene wakwerapo basi kuchokera ku Karonga kubwera kuno, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, namva injini ikulira pa zitunda, ayese kulingalira munthu wopanda nsapato, atasenza mtolo wa makilogalamu oposa 20, akukwera zitunda zomwezo mvula ili pamsana, usiku akugona pansi m'chisanu cha kuno chimene ife eni ake timachiopa m'mwezi wa Juni. Olemba mbiri amawerengera kuti dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000, ndipo ochuluka mwa amene sanabwerere anaphedwa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi kutopa, osamvapo n'komwe kulira kwa chiwaya, mfuti ija imene anthu anatchulira nkhondo yonseyo. Nkhondo inathera pafupi ndi ife, pamene mkulu wa asilikali a Ajeremani, Lettow-Vorbeck, anapereka zida zake ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918, ndipo otsala amoyo anabwerera m'midzi imene chimfine choopsa cha chaka chimenecho chinali kupulula.

Mmodzi anaziona zisanafike poipa. Mbusa John Chilembwe, kumapeto kwa 1914, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka, opanda kanthu m'dziko lino, amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana, akuitanidwa kukafera mlandu umene suli wawo, pamene olemera ndi a maudindo ndiwo anayenera kupita. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe. Munthu angatsutsane ndi zimene Chilembwe anachita poukira boma mu Januwale 1915, koma pa funso la kalata ija sindinapezebe womuyankha.

Pamene ndikulingalira za kukoma kumene ndinamva pakhomo la kanyumba kaja, ndimakumbuka mfumu Davide ali ku phanga la Adulamu, atalakalaka madzi a m'chitsime cha kwawo ku Betelehemu, kumene kunali Afilisiti. Ngwazi zake zitatu zinapyoza misasa ya adani, zinatunga madziwo, zinabwera nawo. Koma iye, ngakhale anali ndi ludzu, anakana kumwa, nawathira pansi pamaso pa Yehova, chifukwa anaona kuti m'chikho muja munali moyo wa anthu amene anauika pachiswe. Kanema wa mbiri ya nkhondo ndi chikho chotero. Wosewera amadzuka n'kukasamba, monga ananenera mphwanga, koma nkhani imene akusewerayo inatungidwa pa chitsime chimene anthu enieni anaferapo. Ndipo amene amamwa mosalingalira, namapempha kuti awonjezere, wachita chimene Davide, munthu wa nkhondo kuyambira unyamata wake, anachiopa. Sindikuletsa kuonera, pakuti mtundu wosadziwa nkhondo za makolo ake suchedwa kuyamba ina, ndipo akulu anati nkhondo simanga mudzi atauona mudzi utapasuka. Chimene ndikutsutsa ndi mtima wolola kuti wojambula atisankhire woti timulire ndi woti timuseke, pamene Iye amene anamva mwazi wa Abele ukufuula kuchokera m'nthaka sanafunse kaye ngati Abele anali ndi nyota paphewa. Maliro n'kulirana, ndipo ife amene timalira msilikali wa ku America pa gombe la Normandy mu Saving Private Ryan, ndipo n'koyenera kumulira, tili ndi ngongole ya misozi kwa agogo athu ogona m'manda osadziwika kutsidya kwa mtsinje wa Songwe.

Makolo athu, atabwerako, anapeza njira yawo yosimbira zimene anaona, ndipo ndikuiyesa yanzeru kuposa akanema ambiri. Gule wa mapenenga, amene amavinidwa kuno ndi ku Karonga, pamodzi ndi abale ake malipenga ndi mganda, anatenga kwa asilikali zovala zoyera zochapidwa bwino, mizere yowongoka, maudindo ndi kulira kwa malipenga a zipanda, nasiya mfuti. Ndinaonerapo gulu lina likuvina pa bwalo la sukulu ku Misuku: amuna a misinkhu yonse, masokosi ofika m'mawondo, akuponda pang'onopang'ono monyadira, fumbi likukwera mofatsa, amayi akululutira, mpikisano unali woopsa, koma dzuwa litalowa onse anakadya nsima pamodzi, ndipo panalibe mkazi amene anabwerera kwawo ali wamasiye.

Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, kuli mfuti ya sitima ya Guendolen, ndipo mlendo aliyense amauzidwa dzina la sitimayo ndi la kaputeni wake. Inu a ku Kameme, a ku Ifumbo, a ku Wenya, a ku Chisenga ndi a ku Nthalire, amene mudakali ndi agogo okumbukira zimene anawauza makolo awo, khalani nawo pansi mvula ino isanathe, muwafunse kuti m'banja mwanu anatengedwa ndani kukasenza katundu wa nkhondo ya chiwaya, ndipo ngati anabwerako kapena ayi. Lembani mayinawo m'kope, muwapereke kwa abusa ndi kwa mafumu, kuti pa mwambo wokumbukira akufa a nkhondo m'mwezi wa Novembala adzatchulidwe mokweza, mmodzimmodzi, ana athu akumva.